Mkazi Amene Anakana Dzina Lonama

(Mau olalikidwa ku Rivirivi, m'dziko la Balaka, pa msonkhano wa amai a Mvano. Muyambe mwawerenga 1 Samueli 1:1-18.)

Amai ndi alongo okondedwa mwa Ambuye, ndi inu abambo ndi aphunzitsi amene mwakhala kumbuyoko:

Mkazi uyu Hana anali nazo zowawa zitatu, ndipo zonse zitatu tizidziwa kuno. Coyamba, analibe mwana. Caciwiri, anali pa mitala, ndipo mkazi mnzace Penina anamtonza caka ndi caka. Cacitatu ndico cobisika: anthu abwino omzinga sanamve kulira kwace. Mwamuna wace Elikana anamkonda ndithu. Koma pomuona alikulira, anayesa kuti iye yekha amkwanira koposa ana khumi, monga ngati Hana analibe cifukwa ca kulira. Ndipo Eli wansembe, poona milomo yace ilikugwedezeka m'nyumba ya Mulungu ku Silo, anamuyesa woledzera.

Tapenyani tsono cimene anacita Hana. Anayankha mkuluyo mwaulemu wonse, koma dzina la woledzera analikana. Anamuuza kuti comlemera ndico cisoni, nampempha kuti asamuyese mkazi wopanda pace. Phunziro lathu ndi ili: mwana wamkazi wa Mulungu aloledwa kuchula coona ca mtima wace, ndi kukana dzina lonama limene anthu ampatsa.

Ife tinakula ndi mau akuti, Banja ndi kupirira. Anamkungwi awanena ku cinamwali, ankhoswe awabwereza pa ukwati. Kupirira nkwabwino, koma kupirira ndi kukhala cete ndizo zinthu ziwiri. Cironda comangidwa osatsuka cicita mafinya, cingakhale nsaru yace ndi yoyera.

Agogo athu anadziwa ici. Pa njala ya 1949 amuna ambiri anacoka kukafuna cakudya, ena osabweranso, ndipo akazi anatsala ndi ana. Akaziwo anaika zowawa zao m'nyimbo za pamtondo, kotero kuti pamene Megan Vaughan analemba mbiri ya njalayo m'buku lace la 1987, nyimbo za amai a m'midzi ya ku Blantyre zinakhala mboni zace. Lero cimanga cipita ku cigayo, ndipo mtondo wakhala duu. Nanga mkazi amene mwamuna wace ali ku Joni wosatumiza mau, kapena iye amene namondwe Freddy anamgwetsera nyumba mu March 2023, adzayimbira kuti nyimbo yace?

Mtsinje wathu wa Rivirivi utiphunzitsa. M'nyengo ya cilimwe madzi acepa, mcenga uonekera; koma mai wodziwa akumba ndi manja ace, napeza madzi pansi. Momwemo mtima wa mkazi amene aseka pa citsime ndi kuyimba m'kwaya: pamwamba pauma, misozi iri pansi. Mulungu aiona, ndipo saipsera mtima.

Wina adzati, Abusa, kodi kudzikonda si cimo? Kudzikuza ndiko cimo. Koma pa Marko 12:31 Ambuye anaika cikondi cimene munthu adzikonda naco cikhale muyeso wa cikondi ca kwa mnzace. Iye amene adzinyoza usana ndi usiku wathyola muyesowo. Adzayesera mnansi wace ndi ciani? Thonje lathu aliyesa pa sikelo, nalipatsa mtengo monga mwa kulemera kwace. Mkazi sayesedwa cotero, ndi kuculuka kwa ana kapena ndi kukhalitsa kwa banja. Mtengo wace unalipidwa kale pa Mtanda.

Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zitatu.

Coyamba, inu amai, popemphera nenani zoona. Ngati mwakwiya, nenani kuti mwakwiya. Ngati mwatopa, nenani kuti mwatopa. Musadzicititse manyazi kaciwiri cifukwa ca kumva kuwawa, kuwawako kukwanira.

Caciwiri, sankhani mai mmodzi wosunga cinsinsi, mumuululire. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu amene mwauzidwa, musafulumire kunena kuti, Ena aona zoposa izi. Khalani pansi, mumvere kufikira atatha. Ndipo zimene mwamva zisafike ku citsime.

Cacitatu, pamene pali kumenya ndi kuopseza, kukhala cete si cipembedzo. Uzani ankhoswe ndi akulu a mpingo. Ndipo dziwani kuti dziko lathu liri nalo lamulo la caka ca 2006 loletsa nkhanza za m'banja, ndi kuti ku polisi kuli anthu oikidwa kumvera madandaulo otere.

Inu abambo, musakhale monga Elikana, kutseka pakamwa pa mkazi ndi cikondi canu. Mfunseni comwe cimuwawa, nimudikire yankho. Inu aphunzitsi, mtsikana akakhala cete m'sukulu masiku ambiri, musayambe ndi kumucha waulesi. Kumbukirani Eli: atamva coonadi analeka kutonza, nadalitsa.

Potsiriza, yang'anirani ndime 18. Hana anacoka, nakadya, ndi nkhope yace inasanduka. Pa tsikulo Samueli anali asanabadwe, mimba inali isanaime, Penina anali cikhalire pakhomo. Kanthu kamodzi kokha kanasinthika: Hana ananena zoona, namvedwa. Kucira kwa mtima kuyambira pomwepo. Ambuye amene anamva Hana ku Silo amve inunso kuno ku Rivirivi. Amen.