AMAYI OYANG'ANIRA ANTCHITO M'MAHOTELA: TINGAPHUNZIREPO CHIYANI?

Ndaona ena mwachokera ku Namitete, ena ku Mpingu, ndipo amayi a ku Nsaru anadzuka mbandakucha kuti afike kuno. Mutu umene ndapatsidwa ndi wa utsogoleri, koma sindikamba za aphungu kapena mafumu. Ndikamba za mpando wina umene sitiuganizira kawirikawiri, chonsecho umakhudza ana athu.

Mukakwera minibasi pano pa Chitedze kulowera ku Lilongwe, mumaona zikwangwani za maloji ndi maresitihausi m'mbali mwa msewu wa Mchinji. M'tauni muli mahotela akuluakulu monga Crossroads, Sunbird Capital ndi Sunbird Lilongwe. Pakati pa anthu amene amayala mabedi, kuchapa mashiti, kusenda mbatata kukhitchini ndi kulondera usiku m'malo otere, pali ana ochokera m'midzi yathu yomwe ino.

M'hotela yaikulu mumakhala ofesi imene mlendo saiona. Kale tinkati kwa a pesonelo, lero achinyamata amangoti kwa a HR. Kumeneko ndiko amalemba anthu ntchito, kusunga mafailo awo, kukonza tchuthi, kumva madandaulo ndiponso kuchotsa munthu ntchito. Masiku ano si zachilendo kupeza mayi pampando umenewu. Iye amakhala pakati pa mbali ziwiri. Mwini hotela amafuna phindu, wantchito amafuna chilungamo, ndipo onse awiri amagogoda pa chitseko chimodzi chomwecho.

Mu 1927, ku Washington m'dziko la America, mayi wina dzina lake Alice Marriott ndi mwamuna wake J. Willard Marriott anatsegula kamalo kogulitsira zakumwa zoziziritsa kukhosi, ka mipando 9 yokha. Mayiyu ndiye ankasunga mabuku a ndalama. Kampani imene inachokera pamenepo ili ndi mahotela m'maiko oposa 100, ndipo itagula mahotela a Protea mu 2014, dzina lake linafika mpaka pa hotela ya Ryalls ku Blantyre. Banjali limadziwika ndi mfundo imodzi, yakuti ukasamala wantchito, iyenso adzasamala mlendo. Mfundoyi ndi yosavuta kuilankhula. Tiyeni tione pamene imayesedwa. Zitsanzo zimene ndipereke sizikunena za hotela iliyonse mwa amene ndatchula aja.

Mayeso oyamba amabwera polemba ntchito, ndipo pamenepa ndikhalitsapo chifukwa olakwa kawirikawiri ndife. Mwana wa m'mudzi mwathu akakwezedwa pa udindo, timayamba kumutumizira mauthenga: "Mlongo wako wangokhala, muike ngakhale kochapa." Amalume amakwera basi kupita kukamuonera pamaso, atanyamula nkhuku ndi kathumba ka mtedza. Akakana timati wayamba kunyada, waiwala kwawo, ndipo timamukumbutsa kuti chibale ndi fupa, sichiola. Koma taganizani. Pa malo amodzi afunsirapo anthu makumi angapo. Wina anapita kukaphunzira za mahotela ku Malawi Institute of Tourism, makolo ake atagulitsa fodya ndi mbuzi kuti alipire fizi. Mayi wathu uja akamusiya ameneyu n'kutenga mphwake, wamubera. Ndipo wadzimanganso yekha, pakuti tsiku limene mphwakeyo adzachedwe kuntchito kapena kusowetsa katundu, adzamudzudzula bwanji antchito ena akuyang'ana? Ine ndinaphunzira za uphunzitsi, ndipo ndikudziwa kuti mphunzitsi akangowonjezera malikisi a mwana wake kamodzi kokha, kalasi lonse limasiya kukhulupirira cholembera chake chofiira. Mtsogoleri amene wakana pempho la amalume mwaulemu, nawauza tsiku la intaviyu kuti mwanayo akapikisane ndi anzake, sanatinyoze ayi.

Mayeso achiwiri ndi a mtsikana woyembekezera. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 likuti mayi ali ndi ufulu wopita kutchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, akulandira malipiro ake onse, ndipo kumuchotsa ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu. Mu 2021 aphungu anawonjezerapo masabata awiri a tchuthi kwa abambo mwana akabadwa. Lamulo lilipo, komabe m'hotela ntchito siima, alendo amadya ngakhale pa Khirisimasi. Mwini wake angathe kunong'oneza kuti, "Mupezereni chifukwa china." Apa ndi pamene timadziwira ngati mayi woyang'anira antchito ali ndi msana. Ena amaganiza kuti popeza ndi mayi, adzamvera chisoni mayi mnzake. Sizichitika zokha. Alipo amayi amene amakhwimitsa zinthu kuposa abambo, pofuna kuonetsa kuti si ofooka. Chimene chimateteza mtsikanayo ndi chikumbumtima cha mtsogoleri pamodzi ndi kudziwa kwake lamulo.

Tsono pali nkhani ina imene timachita nayo manyazi. Mtsikana wokonza m'zipinda amalowa yekha m'chipinda cha munthu wachilendo. Weta wamkazi amaperekera mowa usiku kwa anthu a ndalama. Mlendo wina amamugwira mosayenera, kapena kapitawo amamuuza kuti ngati akufuna kukhalitsa pantchito adziwe chochita. Lamulo la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 likuletsa khalidwe limeneli, ndipo wopezeka wolakwa angathe kulipira K1,000,000 ndi kukhala m'ndende zaka zisanu. Koma mtsikana sangayambire kupolisi. Amayamba wagogoda ku ofesi ija, akunjenjemera. Ngati mayi wa mu ofesiyo atseka chitseko, namupatsa mpando, namumvera mpaka amalize, nasunga chinsinsi, antchito ena onse amadziwa pofika mawa kuti pali kothawira. Ngati ayankha kuti, "Ameneyo ndi kasitomala wathu wamkulu, pirira," palibenso wina adzabwere, ndipo mabwana adzanyadira kuti kwawo kulibe madandaulo.

Za kuchotsa ntchito ndinena mwachidule. Thaulo likasowa, kawirikawiri amayamba kuloza wamng'ono. Lamulo lomwe lija la 2000 likuti pakhale chifukwa chomveka, ndipo munthu apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. M'chaka cha 2020, matenda a Covid-19 ataimitsa maulendo, mahotela anasowa alendo ndipo antchito ambiri anabwerera kumudzi. Panalibe mtsogoleri akanatha kuletsa zimenezo. Koma pali kusiyana pakati pa kumuitana munthu, kumufotokozera ndi kumuwerengera ndalama zake zonse, ndi kungouza mlonda wa pageti kuti asamulowetse.

Amayi a dziko lino afika kale pa mipando yoona nkhani zotere. Mayi Rachel Sikwese anakhala wapampando wa khoti loona milandu ya zantchito kwa zaka zingapo, kenaka woweruza ku Khoti Lalikulu, ndipo mu 2019 anasankhidwa kukaweruza milandu ya ogwira ntchito m'bungwe la United Nations. Mayi Vera Kamtukule anakhala nduna ya zantchito mu 2022, ndipo mu 2023 anasamukira ku unduna wa zokopa alendo. Choncho mwana wanu wamkazi akanena kuti akufuna kudzayang'anira anthu, musamuseke.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya m'tauni mokha. Aepiskopi athu, m'kalata yawo ya mu Lenti 1992, anadandaula za malipiro ochepa a antchito, ndipo dandaulo limenelo limafika ndi pakhomo pathu. Ena mwa ife tili ndi kamtsikana kolera mwana, ena tili ndi tiyirumu pa Namitete kapena mnyamata wa pachigayo, ena timalemba aganyu nthawi yopalira. Pamenepo a pesonelo ndife. Kodi amapuma tsiku liti? Kodi timamulipira pa tsiku limene tinagwirizana, kapena timati adikire tigulitse soya? Mbale ikasweka, timamufunsa kaye kapena timangodula malipiro? Timakonda kunena kuti mlendo ndi mame, ndipo timamuphera nkhuku, pamene wotumikira mlendoyo amadyera kuseri zotsala.

Kwa inu makolo amene ana anu ali kale m'mahotela ndi m'maloji, akabwera kudzacheza musangofunsa za shuga ndi sopo. Afunseni ngati anapatsidwa kalata yosonyeza malipiro ndi maola a ntchito. Lamulo likuti maola wamba asapitirire 48 pa sabata, ndipo opitirirapo ndi ovataimu yoyenera kulipidwa. Afunseni ngati amapita kutchuthi chapachaka, chimene ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Ngati pali vuto, ayambe wakaonana ndi woyang'anira antchito, ndipo asunge pepala lililonse limene wasainira. Zikakanika pamenepo, apite ku ofesi ya boma yoona zantchito ku Lilongwe, ndipo kuchoka apo nkhani ingathe kupita kukhoti la zantchito, limene lilinso mumzinda womwewo.