Chofunda cha Zigamba za Malemu

Madzulo ano ndifuna kukamba za zovala zimene munthu asiya akamwalira.

Makolo athu ambiri anafika m'dziko lino kuchokera ku Nyasaland, ena pansi, ena pa malole a Ulere, kudzera ku Tete ndi ku Mutoko, kudzalima fodya wa azungu. Ena anabwerera kwawo, koma ambiri anatchona, nakwatira konkuno, naikidwa m'manda a papulazi. Pamene mapulazi anayamba kulandidwa ndi kugawidwa m'chaka cha 2000, mabanja ochuluka a antchito anachoka m'makomboni. Koma manda sasamuka. Alipo lero adzukulu amene, pofuna kukalambula manda a agogo awo, ayenera kuyamba apempha kwa mwini munda watsopano, ndipo mudzi wa ku Dedza kapena ku Ntcheu amangoumva dzina.

Nanga chotsala m'manja mwawo n'chiyani? Kawirikawiri ndi ovolosi, jekete la kutchalitchi, malaya awiri kapena atatu, mwina chitenje ndi duku. Anzathu Achishona ali ndi mwambo wotchedwa kugova nhumbi, ndiko kugawira abale zovala za malemu, ndipo ifenso kwathu timatero. Mwambowu ngwabwino. Koma chovala chogawidwa chimavalidwa, chimang'ambika, ndipo posakhalitsa chasanduka chophulira mphika pamoto. Tsono ine ndikuti, patulaniko zina musoke chofunda cha zigamba.

Ntchito imeneyi si yachilendo kwa anthu osauka olima m'minda. Ku Gee's Bend, m'chigawo cha Alabama ku America, mayi wina wakuda dzina lake Missouri Pettway anasoka chofunda chotere m'chaka cha 1942 ndi zovala zogwirira ntchito za mwamuna wake Nathaniel, amene anali atamwalira. Patapita zaka chofundacho chinaonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso, ngakhale mwini wake anachisokera kufunda.

Koma musagwire lumo musanapemphe. Zovala za malemu si za munthu mmodzi, ngakhale mkazi wamasiye amene anazichapa zaka makumi atatu. Dikirani maliro athe, ndipo pa tsiku logawa nenani poyera, pamaso pa akuluakulu a banja, kuti mufuna chakuti ndi chakuti, ndi chimene mudzachita nacho. Wodula nsalu ya malemu mobisa anthu adzamuganizira kuti afuna kuchitira mankhwala, ndipo mbiri yotero siichedwa kufala. Ine ndaonapo abale a bere limodzi akuleka kupatsana moni chifukwa cha jekete limodzi. Akakukanizani, pemphani zong'ambika zimene palibe azifuna, zimenezo n'zokwanira.

Akakupatsani, chapani, yanikani, sitani, kenaka masulani misoko. Ovolosi imatha pa mawondo ndi pa zigongono. Nsalu yolimba mudzaipeza kumsana ndi kumbuyo kwa miyendo. Dulani zigamba za ngodya zinayi, kukula kwake ngati chikhatho chotambasula, zonse zofanana. Chigamba cha malaya opyapyala muchiphatikize ndi china kunsi kwake, pakuti khaki akalumikizana ndi nsalu yofooka amaing'amba pa msoko. Lumikizani zigamba m'mizere, ndi mizere pamodzi. Pansi pake yalani gombeza lakale, ndipo musoke mobowoleza zonse kuyambira pakati kunka m'mbali, kuti zisakwinyike. Pomaliza pindani mphepete. Makina a telala afulumiza, koma singano ndi ulusi zikwanira, ndipo ana akhoza kuthandizako, akumva kuti ichi agogo ankavala pokolola, ichi pa Sabata.

Thumba la malaya musalichotse. Mungasungemo chithunzi kapena chitupa chakale cha malemu, koma muzitulutsa pochapa. Madontho a utomoni wa fodya amene akana sopo musavutike nawo. Asiyeni momwemo, ndipo chigamba chimenecho muchiike pakati penipeni.