Tisanabzale Khofi: Mawu a Mnzathu wa ku Mtakataka pa Msonkhano wa Pachaka

A Wapampando, aphunzitsi athu akale, abale ndi alongo amene tinkaimira limodzi pamzere wa nsima ndi nyemba, zikomo pondipatsa mpata.

Ndamva ganizo loti ndalama za bungwe lathu tilimire khofi kuno kuchigwa. Lolani ndikuuzeni zimene zinandionekera. Nditapuma pantchito, ndinagula mbande za khofi ndi kuziwokera kumunda kwanga ku Mtakataka. Ndinathirira, ndinathira manyowa. Litafika dzuwa la Okutobala masamba anapserera, ndipo mitengo yotsalayo inabereka zosadzaza ndi lichero lomwe. Safunsa anadya phula.

Pambuyo pake alangizi anandimasulira. Khofi wa Arabica amakonda malo ozizira, okwera kuposa mamita 1,000, pamene ife kuno tili pafupifupi mamita 500. N'chifukwa chake amachita bwino ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya, kumene alimi ang'onoang'ono anakhazikitsa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union mu 2007.

Khofi si mlendo m'Malawi. Anafika ku Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh. Koma mtundu uliwonse uli ndi khalidwe lake. Geisha, amene kwawo ndi ku Ethiopia, ndi wonunkhira kwambiri, ndipo anatchuka pa dziko lonse atapambana mpikisano ku Panama mu 2004. Catimor ndi wamfupi, amabereka msanga, komanso amapirira matenda a dzimbiri la masamba. Zoterezi sizidziwika mongoganiza. Akatswiri a kafukufuku, monga a ku Lunyangwa ku Mzuzu ndi ku Bvumbwe ku Thyolo, amayesa mbewu kwa zaka zambiri asanauze mlimi kuti abzale.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndalama zimene tinasonkha n'zolipirira ana osowa fizi. Tisaziyese pamunda umene unandikana ine. Ngati tikufunadi khofi, tikwere msewu wa Golomoti, tikacheze ndi anzathu a kumapiri a Dedza, ndipo tiyambe ndi kamunda kakang'ono, alangizi atayeza nthaka. Kuno kuchigwa tilimbikire mpunga ndi mango zimene nthaka yathu inazolowera.

Ine ndinataya ndalama zanga ndekha. Sindifuna kuti tonse titaye za ana athu.