Nyanja ya Mchere ndi Mvula ya Kwathu

(Mawu amene mmodzi wa ife analankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe la ophunzira akale)

 Komiti inandipempha kuti ndinenepo za thandizo limene bungwe lathu lingapereke ku sukulu chaka chino. Ine ndasankha nkhani imene ena muidabwa, yophunzitsa ana athu za nyanja ya mchere.

Funso limene lili m'mitima mwanu ndikulidziwa. Malawi alibe gombe la nyanja yotere. Ife tikati "kunyanja" timanena ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay. M'phunziro la jogalafe tinaloweza mayina a Indian, Atlantic ndi Pacific, tinalemba mayeso, nkhani n'kuthera pomwepo. Nanga titayirenji ndalama pa madzi amene ana ambiri sadzawaona n'komwe?

Anzanga, madziwo amatitsata kwathu konkuno. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy. Anayambira m'nyanja ya Indian kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anawoloka nyanja yonseyo, nadutsa pa Madagascar, nalowa m'Mozambique, kenaka n'kubwereranso m'madzi. M'mwezi wa Malichi anatulukiranso cha ku Quelimane, ndipo mvula yake ndi imene inakhuthukira ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Matope anatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira m'dziko muno, ndipo ena mazanamazana sanapezeke. Namondweyu anakhala masiku 36.

Chimene ndikufuna mwana wa Fomu 2 azidziwa ndi ichi: namondwe amadya kutentha kwa madzi. Madzi a pamwamba pa nyanja akafunda kufika madigiri 26 kapena 27, nthunzi yambiri imakwera. Nthunziyo ikamasanduka mitambo imatulutsa kutentha kumene kumakoka mpweya wina kuchokera pansi, ndipo kuzungulira kwa dziko kumapotoza mphepoyo kuti iziyenda ngati kamvulumvulu wamkulu. Freddy atabwerera kunyanja anakapeza chakudya china, n'chifukwa chake anabwera ndi mphamvu zatsopano. Namondwe akafika pa mtunda mphepo yake imachepa, koma madzi amene wasenza amawatula. Kwa ife a kumtunda choopsa kwambiri ndi mvulayo, makamaka kwa omanga m'mphepete mwa phiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Mwana womvetsa zimenezi akamva chenjezo la a zanyengo pa wailesi sangaliyese nthabwala, ndipo adzawauza makolo ake chifukwa chake ayenera kusamuka kumwamba kukadali koyera.

Chilala nachonso chili ndi gwero m'nyanja. Pakapita zaka zingapo madzi a pakati ndi kum'mawa kwa Pacific amafunda kuposa nthawi zonse, zimene akatswiri amati El Niño. Mitambo ya mvula imasuntha malo ake, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa mvula kawirikawiri imadula. Zinatero mu 1992, mu 2016 ndiponso mu 2024, pamene boma linalengeza m'mwezi wa Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Kufunda kwa madziwo kumaoneka miyezi ingapo tisanabzale. Mlimi wodziwa tanthauzo lake angasankhe mbewu yocha msanga, kapena kuwonjezera chinangwa ndi mbatata.

Ngakhale chiperoni chimene chinkatizizira mu Juni ndi Julaye popita ku phunziro la m'mawa ndi mpweya wachinyezi wochokera ku nyanja ya Indian. Dzinalo ndi la phiri la Chiperone ku Mozambique, kumene mitamboyo imadzera. Za mafuta ndi feteleza odzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam sindichulukitsa, poti achikulire mukukumbukira mmene katundu anavutira m'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji.

Sindikupempha phunziro latsopano ayi. Aphunzitsi athu ali kale ndi silabasi yodzaza ndiponso makalasi osefukira. Zimene ndikunenazi zingalowe mu jogalafe ndi sayansi, ndipo zambiri sizilira ndalama. Ikani beseni la madzi ndi beseni la mchenga pa dzuwa, ana azikhudza masana ndi madzulo. Adzaona okha kuti mchenga umatentha msanga ndi kuzizira msanga, pamene madzi amasunga kutentha. Sungunulani magalamu 35 a mchere mu lita imodzi ya madzi, kumene ndi kuwawa kwa madzi a m'nyanja ya mchere, muwiritse, ana alawe madontho a pa chivundikiro. Pamenepo amvetsa chifukwa chake mvula yochokera kunyanja ilibe mchere.

Zofunika kugula ndi zochepa. Pafunika mapu ozungulira ngati mpira aja, chifukwa pa mapu a pakhoma Pacific amaidula pakati ndipo mwana saona kukula kwake, chonsecho nyanja zimakuta magawo 71 mwa magawo 100 a dziko lapansi. Pafunikanso zoyezera kutentha zingapo ndi choyezera mvula chimodzi, kuti ana azilemba m'kope tsiku ndi tsiku ndi kufananitsa ndi zimene a zanyengo analosera. Amene muli ndi abale ogwira ntchito ku nthambi ya zanyengo, apempheni adzacheze ndi ana ngakhale kamodzi pa teremu.

Choncho, a Tcheyamani, ndikupempha kuti msonkhano uno uvomereze kupatula gawo la zopereka za chaka chino kuti zipangizozi zigulidwe mvula isanayambe, ndiponso kuti a komiti akhale pansi ndi aphunzitsi a jogalafe ndi sayansi mwezi uno usanathe.