Tikamanga bala, tilembenso



Anzanga anena kale za matumba amene tagulitsa ndi phindu limene tagawana m'zaka 10 zimenezi. Ine mlembi wanu ndatenga nkhani yaing'ono: kabuku kachikuto cholimba kamene kamakhala pambali pa bokosi la chithandizo choyamba m'nyumba yathu yosungiramo mbewu. Ena mumati n'kotayitsa nthawi. Ndiloleni ndikukumbutseni m'mene kanabwerera.

Kopaletivi yathu itangoyamba, mnyamata wina waganyu anachekedwa ndi lata pachikhatho tikutsitsa matumba a soya. Tinamutsuka, kumumanga kansalu, kumupatsa ndalama yake, n'kumapita. Patatha milungu iwiri anabwera ndi amalume ake, dzanja litatupa mpaka m'chigongono. Apa tinayamba kutsutsana tokhatokha. Wina akuti linali Lachiwiri, wina akuti ayi, mwanayu anabwera kale ndi bala lake kuchokera kumunda. Nkhani inafika kwa amfumu ndipo tinalipira, koma mpaka lero ena amati tinaberedwa, ena amati tinamulakwira. Mizere yochepa chabe ikanathetsa zonsezo.

Ndiye munthu akavulala pano, choyamba muthandizeni. Buku lidikire, magazi sadikira. Mukatha, tsiku lomwelo, lembani ndi bolopeni izi: tsiku ndi nthawi, dzina lake, malo amene wavulalira ndi ntchito imene amagwira, chimene chamuvulaza, chiwalo chake, monga chala chachikulu chakumanja, thandizo limene mwamupatsa, dzina lanu ndi la mboni, komanso ngati wabwerera pantchito, wapita kwawo kapena mwamutumiza kuchipatala. Wovulalayo asaine kapena adinde chala. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi n'kulemba pambali. Tsamba musang'ambe.

Mwina mukuti, nanga kabala kakang'ono n'kolembera? Eee, kalembeni. Kafumbata amalowera pabala la msomali, la khasu kapena la waya, makamaka likakhudzana ndi dothi kapena ndowe, ndipo kawirikawiri amaonekera pakapita masiku 3 mpaka 21. Nthawi imeneyo bala likhoza kukhala litapola, tonse titaiwala. Bala lakuya kapena lodetsedwa, munthu apite kuchipatala ndi buku lake lakuchipatala akaone za katemera, ndipo ife tilembe kuti tinamutumiza.

Chimodzimodzi mankhwala a mbewu. Tikamathira Actellic m'chimanga kapena kupopera mbewu za m'dimba, wina akhoza kumva chizungulire, nseru, kapena mankhwala kumulowa m'maso. Avule zovala zimene zakhudzidwa, asambe ndi sopo, maso atsukidwe ndi madzi oyera kwa mphindi zosachepera 15. Lembani dzina la mankhwala monga lalembedwera pabotolo kapena papaketi, ndi nthawi imene zachitika, ndipo botolo lomwelo lipite naye kuchipatala. Kungoti "mankhwala a chimanga" sikuthandiza adokotala.

Palinso za malamulo. Dziko lathu lili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997, komanso la chipepeso cha ovulala pantchito la 2000. Tsopano popeza talemba alonda, a pachigayo ndi onyamula matumba, ifenso ndife mabwana. Nkhani ikafika ku ofesi ya Leba, mawu a pakamwa sapita patali. Bukuli limateteza wantchito kuti asakanidwe chilungamo chake, limatetezanso ndalama zanu za masheya kuti zisathere pa milandu yosadziwika mutu wake.

Phindu lina n'lakuti buku limaloza pamene pali vuto. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma mukaona anthu angapo alembedwa kuti avulala pa lamba wa chigayo yemweyo, kapena misana ikupweteka sabata iliyonse yokweza matumba a 50 kg, limenelo si tsokanso ayi. Ndi lamba wofuna chotchingira, ndi thumba lofuna anthu awiri. N'chifukwa chake ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wa mwezi uliwonse tizitsegula bukuli tisanatsegule la ndalama, ndipo tiziona pomwepo ngati mabandeji, pulasitala, thonje ndi magolovesi zilimo m'bokosi.

Pomaliza, zinthu ziwiri ndikulonjezeni. Bukuli si lopezera munthu mlandu, ndipo palibe adzachotsedwe ganyu chifukwa wanena kuti wavulala. Komanso zolembedwamo si nkhani ya pachitsime. Owerenga ndi mwini wake, wothandiza ndi a komiti basi.

Inunso pempho langa ndi limodzi. Mukavulala, musangomanga kansanza n'kukhala chete. Bwerani, tikutsukeni, tikumangeni, tilembe. Tinayamba kopaletivi ino ndi manja athuwa, ndipo tikufuna tidzafike nawo athunthu pa zaka 20.