Mpamba, Zotuluka ndi Phindu

Chifikireni njanji kuno ku Nayuchi mu 1970, ambiri akhala akupikula matemba a ku Chilwa ndi kukagulitsa ku Liwonde ndi ku Balaka. Koma ndi angati amadziwa phindu lawo?

Tiyerekeze kuti mwapikula matemba a K60,000. Ndalama imeneyi ndiyo mpamba. Ulendo wopita ndi kubwera wadya K8,000, chiphaso cha pamsika ndi chakudya K4,000. Zimenezi ndi zotuluka. Mwagulitsa matemba onse, mwapeza K85,000. Phindu ndi zingati? Ena akuti K25,000. Iyayi! Chotsaninso K12,000 ya zotuluka ija. Phindu ndi K13,000 basi. Mukadya yoposa pamenepa, ndiye kuti mwayamba kudya mpamba, ndipo ulendo wamawa dengu silidzaza.

Nanga mlamu atatenga matemba a K5,000 pa ngongole? Lembani dzina lake ndi tsiku. Musaiwerengere ngati ili m'thumba, poti simungapikulire ndalama imene ili kwa mwini wake wina.

Lachisanu bwerani ndi kope. Tidzalemba mzere pakati: zolowa kumanzere, zotuluka kumanja.