POGULA MSOTI, YAMBANI MWAFUNSA ZA MACE

Mau olankhulidwa kwa anchito a m'makomboni a Lusaka

Abale ndi alongo a ku Matero, Chilenje ndi Kabwata, tamverani. Ambiri a ife kwathu ndi kwa Shikabeta, m'boma la Rufunsa limene linapatulidwa ku Chongwe m'caka ca 2012. Tigwira nchito mwezi wathunthu, tidzimana ndiwo, ndipo titumiza ndarama kumudzi kuti atigulire msoti wolowa m'malo mwa ng'ombe yokalamba. Koma msotiwo tiusankha bwanji? Tiona kunenepa ndi maanga basi! Pakapita zaka zinai m'khola mulibe thole, ndipo tiyamba kunena kuti atilodza.

Tiyeni tiwerenge. Ng'ombe ikhala ndi bere masiku 283. Caka ciri ndi masiku 365. Otsala ndi masiku 82 okha, ndipo m'masiku amenewa iyenera kucira, kuyamwitsa, ndi kutenganso bere. Ifuna nkhunzi kamodzi pa masiku 21. Ikaphonya kawiri katatu, caka capita. Ndico cifukwa cace ng'ombe zambiri za m'midzi zibala caka cino ndi kulumpha camawa.

Tsono funso loyamba kwa mwini khola ndi ili: mace wa msoti uyu wabala kangati, ndipo pa zaka zingati? Ngati abala caka ndi caka, gulani mwana wace, cifukwa kawirikawiri mwana atsata mace. Mwini akayamba kuzungulira ndi mau, funsani anyamata obusa. Iwo sadziwa kubisa.

Funso laciwiri: unabadwa mwezi uti? Ng'ombe yobala mu Novembala kapena Disembala ipeza msipu wauwisi, mkaka ucuruka, ndipo pofika Febuluwale kapena Malici yakwerewanso. Yobala mu Julayi iyamwitsa pa udzu wouma ndi pa lupsya, ionda mpaka nthiti kuwerengeka, ndipo nkhunzi siifuna. Thole lacenso likula mopinimbira ndi kucedwa kutenga bere loyamba. Misoti yobadwa kuciyambi kwa dzinja ndiyo ya kusunga. Yobadwa mocedwa tigulitse, tilipirire ana sukulu.

Cenjeraninso ndi msoti umene unabadwa mapasa pamodzi ndi thole lamphongo. Pa misoti khumi yotere, isanu ndi inai sibala konse, ngakhale ioneke yokongola cotani.

Kwathu kulinso bvuto limene a ku Chisamba salidziwa kwenikweni. Dziko la Shikabeta liyandikana ndi cigwa ca Luano ndi mtsinje wa Lunsemfwa, kumene kuli kashembe, nchenche ija ya tsetse. Nthenda yace ionditsa ng'ombe ndi kutayitsa bere, ndico cifukwa makola kwathu ngocepa. Ife tiona kuti ndi kutaya ndarama kunyamula msoti wa cizungu wa pa famu ndi kukautula kumeneko cifukwa cofuna kutamidwa. Ng'ombe yathu ya Angoni, ya linunda, imene mace wabala kale m'dziko lotentha, ndiyo ipirira, ngakhale nayonso ifuna mankhwala monga Berenil ndi Samorin pa nthawi yace. Musanasunthe ng'ombe kucokera ku boma lina, tengani cilolezo kwa a vetenale. Ng'ombe zoyenda usiku ndizo zifalitsa cigodola, nthenda ya nkhupakupa.

Pomaliza, tikapita kumudzi pa chuti tisanyamule shuga ndi sopo zokha. Tigule kabuku, tikasiyire mwana wa sukulu, alembe dzina la ng'ombe iri yonse ndi mwezi umene yabala. Pa Khrisimasi tikafunse kabukuko tisanafunse mowa.